Jenereta kapena sola pa vidiyo sho? Ndikuyankha achimwene a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25. Ntchito inawathera, anawapatsa kangachepe, ndipo akufuna kutsegula vidiyo sho yoonetsa mpira ndi mafilimu. Akufunsa ngati agule jenereta kapena aike sola. Kumapeto anawonjezera kuti akulingalira zomagulitsa khofi pakhomo, koma mayi a kunyumba akuti anthu a kuno ndi a tiyi.

Achimwene, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa bizinesi imeneyi ndinaiona ikuyamba, ikukula, mpaka kufera m'manja mwa munthu amene ndimamukonda. Mundilole ndiyambire pamenepo.

Msuweni wanga anali ndi vidiyo sho ku Chinsapo. Inali shedi ya malata, mabenchi a matabwa, nsalu yakuda pakhomo, ndi bolodi panja lomwe ankalembapo ndi choko masewero a tsikulo. Kuseri kunali kajenereta ka petulo kokhazikidwa pa thayala lakale kuti kasamanjenjemere kwambiri. Loweruka ndinkakonda kupita kukamuthandiza kutolera ndalama pakhomo, ndiye zimene ndikukuuzanizi sindinachite kumva.

Pa 24 Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa chimvula kum'mwera, Shire anasefukira n'kugumula damu la ku Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Kwa ife amene magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi womwewo, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, limeneli linali bala lalikulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zonse. Mawa lake, pa 25, Flames inali ndi masewero ndi Morocco ku Yaoundé, koyamba m'mbiri yathu kudutsa ndime ya m'magulu pa AFCON. Kwathu kunali mdima wa ndiweyani. Abambo amene ali ndi ma TV akuluakulu m'nyumba mwawo anabwera pa galimoto kudzapempha malo pa benchi la msuweni wanga. Azimayi amene sanapondepo mu vidiyo sho analowa ndi ana kumsana. Shedi inadzaza thoo, ena n'kumasuzumira pa mipata ya malata.

Pa mphindi ya 7 Gabadinho Mhango anaona kuti goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, wachoka pamzere wake, n'kuumenya mpira ali pa mtunda wa mamita opitirira 30. Mpira unauluka n'kukagwera mu ukonde. Phokoso lomwe linabuka mu shedi ija sindidzaliiwala. Anthu osadziwana anakumbatirana, benchi lina linathyoka, agogo ena analira misozi yeniyeni. Charles Thomu anatchinga mipira yambiri usiku umenewo, koma Youssef En-Nesyri anabweza chigolicho kutatsala pang'ono kupumulira, kenako Achraf Hakimi anamenya firikiki yoti goloboyi aliyense akanangoiperekeza ndi maso. Tinagonja 2-1, komabe anthu anatuluka akuimba. Msuweni wanga anapeza usiku umodzi ndalama zomwe ankazipeza pa sabata, ndipo anatsimikiza mumtima kuti chimene chamudyetsa ndi jenereta. Anakatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula ina yokulirapo.

Miyezi yoyamba zinamuyendera. Kapichira inakhala yosagwira ntchito kwa nthawi yopitirira chaka, magetsi ankathima maola ambirimbiri, ndipo akathima anthu ankathamangira kwa iye. Koma chakumapeto kwa 2022 mafuta anayamba kusowa. Amene munali mu Lilongwe mukukumbuka mizere ya magalimoto yokhotakhota mpaka kutseka misewu, madalaivala akugona m'magalimoto kudikira thanki yomwe palibe ankadziwa kuti ifika liti. Mwini jenereta ndiye anali pa moto weniweni, chifukwa malo ambiri ogulitsira mafuta ankakana kuthira m'zigubu. Ankachita kubwereka njinga yamoto, kuima nayo pa mzere tsiku lonse, akathiridwa n'kukapopa ndi paipi kunyumba. Zikakanika ankagula kwa anyamata a m'mbali mwa msewu pa mtengo wowirikiza, ndipo ena mwa mafutawo anali osakaniza ndi zinthu zina. Jenereta inayamba kutsokomola, kuzima pakati pa masewero, anthu n'kumafuna kubwezeredwa ndalama zawo.

World Cup ya ku Qatar inayamba pa 20 Novembala, nyengo imene mwini vidiyo sho aliyense amaidikira zaka zinayi. Pa 10 Disembala, tsiku lomwe Morocco inagonjetsa Portugal 1-0 ndi chigoli cha mutu cha En-Nesyri yemwe uja n'kukhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu semifainolo, magetsi kunalibe, jenereta inali kwa makaniko, pakhomo pa shedi panali loko. Makasitomala ake anawolokera kwa mnyamata wina wa kumtunda yemwe anali ndi mapanelo awiri padenga ndi batire. TV yake inali yaing'ono, mabenchi ake osakhalika bwino, koma sikirini yake sinkazima. Munthu wa mpira akazolowera malo sabwereranso. Chaka chotsatira msuweni wanga anagulitsa TV ndi jenereta kuti abweze ngongole. Lero amayendetsa njinga ya kabaza ya munthu wina, ndipo mafuta akasowa ana ake ndi amene amayamba kumva.

Ndiye ndikuuzeni mosapita m'mbali. Musamange bizinesi yanu pa jenereta. Jenereta ili ngati ng'ombe yomwe khola lake lili ku Area 25 koma msipu wake uli ku Beira. Dziko lathu lilibe doko, silikumba mafuta, lilibe fakitale yowayenga. Lita iliyonse imene mudzathire imatsika pa sitima ya pamadzi ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda masiku angapo kuti ilowe pa Mwanza, pa Dedza, pa Nayuchi kapena pa Songwe. Ndipo amene amatigulitsa salandira kwacha, amafuna dola. Dola yathu yambiri imachokera ku fodya. Msika wa ku Kanengo ukatsegulidwa cha mu Epulo zinthu zimapepukirako, ukatsekedwa ndalama zakunja zimayamba kuchepa, ndipo pofika Okutobala ndi Novembala feteleza nayenso amakhala akulimbirana dola yomweyo. N'chifukwa chake mizere imakonda kubwera miyezi imeneyi, nthawi yomwe ligi za ku Ulaya zafika pokoma. Matanki a NOCMA ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu akhoza kusunga malita 60 miliyoni, koma thanki sidzidzaza yokha ngati kulibe dola yogulira.

Onjezeranipo kugwa kwa kwacha. Inagwa mu Meyi 2012 pambuyo pa mizere ya m'nthawi ya Bingu ija, inagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ikagwa mtengo wa pa pampu sumachedwa kutsatira. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za chisankho ku Mozambique zinasokonezanso misewu yodutsa mafuta. Pa zonsezi palibe chimodzi chomwe inu mungachigwire ndi manja anu. MERA ikakweza mtengo wa petulo, inu simungakweze yolowera mu shedi molingana, chifukwa kasitomala wanu ndi mnyamata wa ganyu, wa chiwaya, wa kabaza, amene nayenso mafuta omwewo amupweteka kale.

Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lino linali ndi nzeru pa nkhani imeneyi kalekale. Tinayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wa ku nzimbe za ku Dwangwa mu 1982, mayiko ambiri asanaganizeko, kenako ku Chikwawa nakonso kunabwera fakitale. Tikanalimbikira njira imeneyo bwenzi lero dola yomwe timapereka kunja itachepako. Dzuwa nalo tili nalo lokwanira. Ku Salima kuli munda wa mapanelo wa mamegawati 60 womwe unayamba kugwira ntchito mu 2021, ku Golomoti kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire ake. Koma tayendani mu Old Town kapena ku Area 3 magetsi akathima. Jenereta pakhomo lililonse, utsi, phokoso loti simungamvane ndi wogulitsa, pomwe madenga ali pululu padzuwa. Ine ndafika poti sindimvanso mawu akuti sola ndi ya anthu olemera. Wosauka ndi amene sangakwanitse kugula chinthu chomwe chimafuna ndalama tsiku lililonse kuti chigwire ntchito. Kajenereta kakang'ono kamamwa theka la lita kapena kuposerapo pa ola, ngakhale mutangolumikizako TV imodzi. Tawerengani maola a Loweruka ndi Lamlungu okha pa chaka, muwonjeze oyilo, mapulagi ndi makaniko. Sola nayo imagulidwa ndi dola, inde, koma mumalira kamodzi.

Sindikubisirani zovuta zake. Mtengo woyambira ndi wokwera, m'misika mwadzaza mapanelo olembedwa mawati omwe alibe, ndipo batire lotchipa limafa chaka chisanathe. Mu Januwale ndi Febuluwale mitambo imatha kukuta masiku angapo. Zonsezi ndi zoona, koma ndi zovuta zomwe mungazikonzekere musanatsegule chitseko. Palinso nkhani ya moyo. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide womwe suoneka komanso sununkha, ndipo umapha. Eni mashedi ena amailowetsa m'kachipinda koyandikana ndi anthu poopa akuba kapena mvula. Mu shedi yodzaza anthu, yotsekedwa ndi nsalu, kumeneko n'kusewera ndi miyoyo ya ana a eni.

Pa nkhani ya mpira womwewo ndili ndi pempho kwa inu. Bolodi lanu lisamangodzaza Arsenal, Liverpool ndi Manchester United. Ndikudziwa kuti amenewo ndi amene amalipira lendi, ine ndemwe ndimawaonera. Koma zimandipweteka kuona mnyamata wa ku Mtandire akutchula osewera onse a timu ya ku London mpaka okhala pa benchi, osadziwa amene amagwira pagolo ku Silver Strikers, timu yomwe bwalo lake lili pa Area 47 pomwepa. Silver yomweyo inatenga ligi mu 2024, kudula ulamuliro wa Bullets omwe anali atatenga kasanu motsatizana, ndipo mu mzinda muno ambiri anangomva pa wailesi. Masewero a Super League akamaulutsidwa pa kanema, aikeni. Bullets ikamakumana ndi Manoma ku Blantyre, ochemerera a matimu awiriwa ali mbwee mu Lilongwe ndipo sangakwere basi onse. Scorchers ikamasewera, ikani, ndipo mutsitse yolowera kwa atsikana. Anatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligiyo pa chaka chimodzi, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Mkulu wake Tabitha wasewera ku Inter Milan, ku Paris Saint-Germain ndi ku Lyon. Amenewa ndi ana a ku Rumphi. Mtsikana wa ku Area 25 akuyenera kuwaona ndi maso ake.

Ndipo mpira ndi umene udzakuuzeni kukula kwa batire lanu. Masewero a ku England a Loweruka masana amayamba 4 koloko kuno, kapena 5 koloko iwo akasintha nthawi m'nyengo yawo yozizira. A Champions League amayamba 9 kapena 10 koloko usiku n'kutha cha pakati pa usiku. Ndalama zanu zili mu mdima.

Za mafilimu

Ligi za ku Ulaya zimatha mu Meyi n'kuyambanso mu Ogasiti, ndipo apa ndi pomwe mashedi ambiri amafooka. Chosangalatsa n'chakuti miyezi yomweyi ndi imene makampani a ku Hollywood amatulutsa mafilimu awo akuluakulu, popeza kwawo kumakhala kotentha ndipo ana amakhala pa holide. Kwathu kuno imakhala nthawi ya majuzi ndi mphepo ya mwera. Ineyo mafilimu amenewa anandikwana. Ambiri ndi gawo lachitatu kapena lachinayi la nkhani yomwe inatha kale pa gawo loyamba, nyumba kugwa, magalimoto kuphulika, munthu n'kutuluka osakumbuka dzina la aliyense. Ikanimo limodzi Lachisanu usiku, anyamata adzabwera. Koma chomwe ndinkaona chikubweza anthu mawa lake kwa msuweni wanga ndi nkhani zotsatizana, za m'banja za ku Nigeria, za ku India, ndi za karati zomasuliridwa m'Chichewa, chifukwa munthu akasiyira pakati sagona tulo. Mafilimu opangidwa ndi Amalawi muwapatse usiku wawo pa sabata, ndipo muwapeze mwa njira yoti amene anawapanga adyepo.

Ziwiri zokha musadzachite. Mwana wa yunifomu asalowe nthawi ya sukulu, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Ndipo zolaula zisadzaoneke pa sikirini yanu, ngakhale pakati pa usiku. Mbiri yoipa ya mavidiyo sho inachokera pa ziwirizi, ndipo makolo a m'dera akakudani simukhalitsa. Mapepala nawo mukonzeretu, a ku khonsolo ya mzinda, a ku Censorship Board ndi a ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi mafilimu, komanso dikoda yanu ilipiridwe monga ya bizinesi, osati ya m'nyumba.

Za khofi

Mayi a kunyumba sakunama. Ndife anthu a tiyi wa mkaka ndi shuga wambiri, wotsitsira mandazi kapena chinangwa, ndipo tiyi ndi amene adzayende kwambiri pa tebulo lanu. Komabe khofi musamusiye. Ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya, ku mapiri a Nkhata Bay ndi ku Ntchisi alimi ang'onoang'ono amalima khofi wa arabica yemwe amagulidwa ndi anthu a kunja pa mtengo wabwino, ambiri kudzera ku Mzuzu Coffee. Wochuluka amatuluka m'dziko, ife n'kumagula wa m'zitini wosungunuka yemwe wabwera ndi dola yomwe ija. Amalawi ambiri amene amati khofi ndi wowawa sanalaweko wa kwawo wophikidwa bwino. Ku Dar es Salaam anyamata amayenda m'misewu ndi ketulo yokhala pa makala, kugulitsa khofi m'timakapu ting'onoting'ono pa mtengo woti aliyense akwanitse. Njira yake ndi imeneyo. Kapu yaikulu ya mtengo wa ku hotela palibe adzagule, koma kakapu kotentha nthawi ya kupumulira, 11 koloko usiku, kapena usiku wa mu Julayi, kadzapita.

Kuphika kwake sikulira makina. Wiritsani madzi, muwaphule, thiranimo khofi wogaya magalamu pafupifupi 60 pa lita, dikirani mphindi zinayi, sefani ndi sefa ya tiyi n'kuthira mu flasiki. Musamubwatitse pa moto, ndi pomwe amawawira. Paketi ya magalamu 250 ikupatsani malita anayi, omwe ndi timakapu pafupifupi 40. Mkaka ndi shuga zikhale pambali, aliyense adzithirire yekha. Koma madziwo muziwiritsa pa gasi kapena pa mbaula panja. Ketulo ya magetsi imakoka mawati pafupifupi 2,000, kuchulukitsa kakhumi zonse za mu shedi yanu, ndipo mukailumikiza ku invata, chipangizo chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, sikirini idzazima anthu akuonera.

Tsono zogula ndi izi. TV ya LED ya mainchesi 55 imadya mawati pafupifupi 100. Mukaphatikiza dikoda, sipika ndi mababu anayi mufika cha m'ma 200, ndipo pa maola 8 ndi ma watt-hour 1,600. Batire la lithium la 24V 100Ah limasunga pafupifupi 2,500 ndipo likhoza kukutulutsani usiku wonse. Ngati ndalama zikungokwana a lead acid a 12V 200Ah, mugule awiri, chifukwa amenewa safuna kutsitsidwa kupitirira theka. Mapanelo awiri a mawati 450 kapena kuposerapo, kuti ndi tsiku la mitambo lomwe muzikolola kanthu. Invata ikhale ya pure sine wave, yotha kutchaja batire ndi magetsi a ESCOM akakhalapo. Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri pafupifupi 15, omangidwa ndi mabawuti oti wakuba avutike nawo, ndipo mu Okutobala muziwapukuta fumbi. Ndalama zikaperewera, chepetsani TV, musachepetse batire. Jenereta idzabwere chaka chachiwiri kuchokera pa phindu, yaing'ono, yongodikira sabata ya mvula yosalekeza, ndipo izikhala panja.

Musanapite ku sitolo, tayang'anani kumbuyo kwa TV, dikoda ndi sipika zomwe mukufuna kugula, mulembe mawati olembedwa pamenepo, munditumizire pamodzi ndi maola amene mukufuna kumatsegula. Tidzawerengere limodzi.